Chaka Chimene Tinkadzutsa Makala

Amuna anga anayamba ntchito pa shedi ya ku Namitete m'masiku a chitaganya, mwana wathu woyamba atangoyamba kukwawa. Kwawo kunali ku Mpingu, ndipo kwathu anabwera chikamwini. Munda umene amayi anatigawira unali wamchenga, chimanga chake chongolekeza m'chiuno, choncho atamva kuti pa shedi akulemba anthu sanachedwe. Shediyo inali ya kampani ina yogula mbewu. Ankasungamo chimanga, mtedza ndi mabelo a fodya podikira malole. Miyezi yoyamba amuna anga ankasenza matumba. Kenako kapitawo anawasankha, iwo ndi bambo wina wa ku Nsaru, kuti azipha anankafumbwe ndi mpweya wa mankhwala. Akuti anasankha awiriwa chifukwa sankamwa mowa komanso ankadziwa kuwerenga wotchi.

Ntchitoyo ine sindinaionepo, ndimangodziwa zimene ankandiuza. Ankaunjika matumba mulu waukulu, n'kuufunditsa lona, n'kupsinja m'mbali mwake ndi timatumba ta mchenga. Akatero ankatsegulira mpweya wochokera m'chibotolo chachitsulo kuti ulowe pansi pa lonalo. Pakapita tsiku kapena awiri ankavundukula, ndipo ngozi yeniyeni inali pamenepo. Mpweyawo sunkaoneka. Fungo lake linali lochepa, koma ukafika m'maso unkalasa ngati tsabola. Pansi pa lona ankapeza makoswe ndi abuluzi atauma gwa.

Podziteteza ankavala chigoba cha mphira chakuda, chokhala ndi magalasi awiri m'maso, ndi payipi yamakwinya ngati kholingo la ng'ombe yotsikira ku chitini chimene ankamangirira pachifuwa. Loweruka lina anabwera nacho kunyumba chifukwa lamba wake anali ataduka. Anachivala kuseri kwa nyumba kuti ndiyeze posoka, ndipo nthawi yomweyo amayi anatulukira pakona atanyamula lichero la chimanga. Licherolo linagwa. Iwo sankalankhula ndi mkamwini maso ndi maso, choncho anatembenukira kwa ine.

"Auze amuna ako avule chimenecho. Pakhomo pano ndi pa Akhristu."

Banja lathu linali la mpingo, pamene mudzi wa tsidya la dambo unali wa gule. Nkhani inayenda kuti mkamwini wa kwathu wayamba kuvala chinyau, mpaka akulu a mpingo anawaitana Lamulungu titaweruka. Anafotokoza, iwo anamvetsera, ndipo anagamula kuti chinthucho chizithera kuntchito komweko. Panthawiyo ndinkaganiza kuti vuto la chigobacho lathera pomwepo.

Dzuwa litayamba kutentha, cha mu Ogasiti, amuna anga anayamba kubwera akudandaula mutu tsiku lililonse limene avundukula lona. Maso ankakhala ofiira, chakudya osachifuna. Nditawaumiriza anandiuza kuti chitini chija sichikhalitsa, amayenera kusintha akachigwiritsa ntchito kangapo. Bokosi la zitini zatsopano linali litatha kalekale. Kapitawo ankangoti zili m'njira, zikubwera pa sitima ya pamadzi, apirire pang'ono. Iwo ndi mnzawo wa ku Nsaru ankangobwereza zitini ziwiri zomwezo.

"Nanga osakana bwanji?" ndinafunsa.

"Ndikakana alemba wina mawa lomwe. Ndiye ndidzakhala pakhomo pano kumadikira chimanga cha pamchenga paja, anthu akundiyang'ana."

Ndinkadziwa mmene mkamwini wosagwira ntchito amamuyang'anira pamudzi.

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anali msilikali pa nkhondo yachiwiri, ndipo anakafika kutsidya kwa nyanja yamchere. Atabwerako ankalima fodya wofukiza, komanso ankakonza njinga ndi kumata zidebe zobooka ndi mtovu. Atamva nkhaniyi anauza amuna anga kuti akatole chitini chimodzi pa zimene zinatayidwa kuseri kwa shedi. Chitabwera anachigwedeza pafupi ndi khutu, n'kuchidula mozungulira ndi mpeni wawo wa zidebe. Tonse atatu tinasuzumira. Pamwamba panali kawaya ngati ka sefa, kenako thonje, ndipo pansi pake panali timibulu takuda, tofanana kukula ndi mapira.

Ndinatola kamodzi n'kukatikita pachikhatho. Kanasiya mzere wakuda.

"Koma awa si makala awa?"

"Ndi makala," amalume anatero.

Ndinaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mantha. Miyezi yonseyi ndinkaganiza kuti m'chitinimo muli mankhwala amphamvu a Azungu. Tsopano ndinaona kuti pakati pa amuna anga ndi mpweya woumitsa makoswe panali chinthu chimene ine ndimasesa m'mawa uliwonse n'kukataya kudzala.

"Si makala wamba," amalume anapitiriza. "Awa ndi makala odzutsidwa."

"Odzutsidwa bwanji, amalume? Kodi makala amagona?"

"Ndi mmene anatimasulirira sajeni wathu. Akuti makala a pamoto amakhala otseka. Ukawadzutsa amatsegula timabowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndiye mpweya woipa ukamadutsa umakodwa m'menemo. Timabowo tikadzaza, basi, ntchito yawo yatha."

"Nanga mpweya wabwino sukodwa bwanji?"

"Zimenezo sitinafunse. Kunkhondo safunsa."

Ndiye anati ngati vuto ndi makala, makala tingathe kupanga. Moto tili nawo, mitengo tili nayo, ndipo pabanja pathu pali munthu wodziwa kusunga moto mu mphika. Ankanena ine. Ndinaphunzira kuumba kwa amayi ndili mtsikana, ndipo mbiya zanga zinkagulidwa mpaka kumsika wa ku Nsaru. Amuna anga sanavomere kapena kukana. Anangoti, "Tiyesere, poti zitini sizikubwera."

Ulendo woyamba tinangotenga makala a muwanga pamoto, ine n'kusinja mu mtondo. Amalume anadzaza chitini chija, anabwezera thonje ndi kawaya, n'kumata. Amuna anga ankabwera ndi chigoba mobisa Loweruka, atachikulunga m'thumba, ndipo zoyesa zathu tinkachitira kwa amalume kuti amayi asaone. Atangopuma kamodzi anavula msangamsanga akutsokomola, malovu ali bii. Fumbi lonse la makala linali litalowa m'kamwa. Kuchokera apo ndinkasefa kawiri, koyamba kuchotsa zikuluzikulu, kachiwiri kuchotsa ufa, kenako kutsuka ndi kuyanika pamphasa.

Vuto linali lakuti tidziwa bwanji ngati akugwira ntchito. Mpweya wa ku shedi sitikanautenga. Amalume anati kunkhondo ankawalowetsa m'kanyumba kodzaza utsi wolasa m'maso, ndiye ifenso tichite chimodzimodzi. Balani yawo yofukizira fodya inali yopanda kanthu nyengo imeneyo. Anaika phale la makala amoto pakati, n'kuthirapo tsabola wouma wodzaza dzanja, amuna anga n'kulowa atavala chigoba, chitseko n'kutseka. Wotchi tinalibe, inali ya kapitawo. Choncho ine ndinkaima panja n'kumaimba nyimbo imodzi ya kutchalitchi, amalume akuwerenga ndime pa zala mpaka amuna anga atagogoda.

Ndi chitini chawo chakale cha kuntchito anakhala ndime ziwiri. Ndi makala a muwanga, ndime ziwirinso. Tinayesa a zitsononkho, anatuluka ndime yoyamba isanathe. A makoko a mtedza ankangofumbutuka m'manja, sitinawayese n'komwe. Amalume anakumbukira kuti sajeni uja anatchula zigoba za kokonati, chipatso chimene iwo anachiona kunyanja yamchere koma ine ndinali ndisanachionepo. Anati chigoba chake ndi cholimba ngati cha dzaye. Choncho ndinakhala masiku awiri ndikutola zigoba za maye m'tchire la kunjira ya ku Kabudula, mwana ali kumsana, amayi akuganiza kuti ndikukafuna dongo latsopano.

Makala a maye anatipatsa ndime zitatu ndi theka. Amalume anamenya m'manja. Koma Loweruka lotsatira, makala omwewo, chitini chomwecho, amuna anga anagogoda ndime yoyamba ili pakati.

"Waimba pang'onopang'ono lero," amalume anandiuza.

"Ndaimba monga kale."

"Ndiye tsabolayu ndi wina."

"Tsabola ndi yemwe uja, amalume. Mwathira nokha."

Amuna anga, akupukuta misozi, anati mwina utsi sukudzera m'chitini ayi, ukudzera m'mbali mwa tsaya, chifukwa anali ataonda ndipo mphira sunkagwiranso bwino. Amalume anati amete ndevu. Anameta, tinafupikitsa lamba, ndipo anakhala ndime ziwiri. Pamenepo sindinkadziwanso chimene tikuyesa, kaya makala, kaya tsabola, kaya masaya a amuna anga, kaya mawu anga. Ndinafunsanso ngati utsi wa tsabola uli pachibale ndi mpweya wa ku shedi. Amalume anati zonse zimalasa m'maso, ndiye n'zimodzi. Amuna anga anati sakudziwa.

Amalume anati cholakwika n'chakuti makala athu onsewa anali asanadzutsidwe. Anakhala masiku angapo akukumbukira, kenako anabwera kudzandipeza ndikuponda dongo.

"Ndakumbuka. Nthunzi. Makala akhale ofiira, koma asayake, ndiye uwapyoze ndi nthunzi."

"Madzi pa makala amoto amazimitsa, amalume."

"Osati madzi. Nthunzi."

"Nanga nthunzi si madzi?"

"Iwe umba mphika, zinazo tikaonera komweko."

Ndinaumba mphika wa khosi lopapatiza, wa chivundikiro chake, wokhala ndi bowo limodzi chapansi ndi lina laling'ono pamwamba. Amalume anadula chitsulo chamkati mopanda kanthu pa njinga yakufa, n'kuchilowetsa pa bowo lapansi. Tinadzaza mphikawo ndi makala a maye, tinamata chivundikiro ndi dongo, n'kuukwirira m'mulu wa makungwa ndi ndowe zouma monga ndimachitira pootcha mbiya. Mphika utafiira, amalume ankadontheza madzi kumapeto kwa chitsulo chija, pang'onopang'ono, kuti akamafika mkati akhale atasanduka nthunzi.

Mphika woyamba unaphulika madzi atangolowa, phale lina n'kudutsa pafupi ndi khutu la amalume. Wachiwiri unang'aluka, mpweya unalowa, m'mawa mwake tinapezamo phulusa lokha. Amayi anayamba kufunsa kuti miphika yopanda ntchito imeneyi ndikuumbira ndani, ndipo ine ndinanama kuti ndi ya amalume yosungunulira mtovu. Wachitatu ndinasakaniza dongo ndi mapale osinja ambiri, khoma n'kulikulitsa, ndipo unapirira. Tinayamba moto mbuzi zikutuluka m'khola, tinaleka dzuwa litapendeka. Pa bowo lapamwamba pankatuluka kalawi kabuluu kamene sindinakaonepo pootcha mbiya. Amalume anati n'chizindikiro chabwino, koma ndikuganiza kuti nawonso ankakaona koyamba.

Titatsegula mawa lake, makala anali atachepa, pafupifupi theka linali litapita. Otsalawo anali opepuka, osawala ngati poyamba. Nditaika kamodzi palilime kanakakamira. Nditaponya angapo m'madzi anachita kulira pang'ono, timathovu tikukwera. Sindinadziwe ngati kumeneko ndiye kudzuka.

Amuna anga ndi amene anaganiza za inki. Anali ndi kabotolo kolembera makalata a ku Mpingu. Anadontheza inki m'makapu atatu a madzi, n'kuthira makala a pamoto m'kapu yoyamba, timibulu ta m'chitini cha Azungu m'yachiwiri, ndi makala athu m'yachitatu. Tinasiya pa alumali ya amalume. Mawa lake kapu yoyamba inali yabuluu monga tinaisiyira. Yachiwiri inali itayera. Yachitatu inali itayeranso, ngakhale osati kwenikweni, munatsala kamtundu pang'ono ngati madzi otsukira nsalu.

Pa zonse zimene tinachita chaka chimenecho, ichi chokha ndi chimene ndinaona ndi maso anga n'kukhulupirira. Moto ndi nthunzi zinali zitasintha kanthu m'makalamo. Koma ndikubwerera kunyumba ndinayamba kudzifunsa. Ngati timibulu ta Azungu tinali titatha ntchito, tinayeretsa bwanji madzi kuposa athu? Ndipo inki ikukhudzana bwanji ndi mpweya? Amuna anga sankapuma inki. Nditafunsa amalume, anati ndimafunsa mafunso ngati mphunzitsi, pamene munthu akudwala mutu.

Amalume anadzaza chitini ndi makala athu aja, anamata bwinobwino ndi mtovu, n'kupaka mwaye pamsoko kuti usaoneke. Amuna anga anakanda kamtanda kakang'ono kunsi kwake ndi msomali. Lolemba anapita nacho, ndipo chakale chija anachibisa kudenga la shedi.

Tsiku loyamba kuvundukula lona atavala chitini chathu anabwera akuimba mluzu pa njinga. Mutu sunawawawe, anadya bwino, anaseweretsa mwana. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe n'kukalira pang'ono. Ulendo wachiwiri mutu unawawa monga kale. Anati tsiku limenelo kunalibe mphepo, ndipo mnzawo wa ku Nsaru anadwala kuposa iwo, mpaka anasanza. Mnzawoyo ataona kusiyanako anafunsa, amuna anga n'kumuuza zoona. Iye anapempha kuti azibwerekana, ulendo uno wina, ulendo winawo wina. Ndinati ndiotche makala ena kuti aliyense akhale ndi chake, koma amuna anga anati tidikire, kapitawo wayamba kuyang'anitsitsa zigoba, ndipo waletsa kupita nazo kunyumba. Kuyambira pamenepo zinkagona pa misomali m'kachipinda ka kapitawo, iye n'kumawapatsa m'mawa.

Linali Lachinayi, mu Okutobala, dzuwa lili phwee. Ndinali pamtondo masana pamene ndinaona munthu akubwera m'njira akukankha njinga, akuyenda mokhotakhota. Amayi ndi amene anayamba kumuzindikira.

"Amuna ako ayamba mowa," anatero motsitsa mawu.

Ndinathamanga. Sankanunkha mowa. Anandiyang'ana n'kutambasula dzanja pambali panga, pamene panalibe munthu.

"Mwakhala awiri," anatero. "Weniweni ndi uti?"

Lilime linali lolemera. Ndinawagoneka pamphasa pamthunzi, anasanza, anati mutu ukung'ambika. Pang'onopang'ono ndinamva kuti tsiku limenelo anavundukula mulu waukulu kwambiri, wa mkati mwa shedi, zitseko zili zotseka mbali imodzi chifukwa cha kamvuluvulu. M'mawa mwake manja anayamba kunjenjemera, ndipo atafuna kuimirira anagwa n'kuyamba kuphupha ngati wakhunyu. Amalume anamanga ng'ombe pangolo, tinawatengera ku chipatala cha mishoni. Njira yonse ine ndinagwira mutu wa amuna anga pamiyendo kuti usagunde matabwa.

Anakhala kumeneko milungu itatu. Tsiku lachitatu, atayamba kuzindikira anthu, ndinawerama n'kufunsa chimene chinkandidya.

"Munavala chitini chiti?"

"Chathu," anatero, maso ali otseka.

Ndinatuluka panja, ndinakhala pansi pa mtengo wa mango. Ndinaona kuti ndawapha ndine, ndi mphika wanga. Tikanasiya chitini cha Azungu, ngakhale chotha, mwina chikanawasunga. Koma mawa lake, ndikuwamwetsa phala, anandigwira mkono.

"Dzulo munandifunsa za chitini eti? Ndinavala chakale. Linali tsiku la mnzanga."

"Dzulo munati chathu."

"Dzulo mutu sunali bwino."

Mnzawo wa ku Nsaru anabwera kudzawaona Lamulungu. Iye anangodwala mutu masiku awiri n'kuchira. Ndinamuperekeza mpaka pa msewu n'kumufunsa. Anati, "Amayi, musadandaule, chitini chanu ndinavala ndine, ndipo ndi chimene chinandipulumutsa." Ndinabwerera mtima utapepuka. Madzulo ake amalume anandiuza kuti bambo yemweyo anawauza iwo kuti m'mawa umenewo kapitawo anawapatsa zigoba mofulumira, lole ikudikira, ndipo palibe anatembenuza chitini kuti aone kamtanda. Akuti bamboyo anawonjezanso kuti amuna anga ndi amene analowa mkatikati kukakoka lona, iye anali chakukhomo.

Bambo wothandiza adokotala pachipatalapo anamva nkhani ya makala kwa amalume, amene sankatha kusunga chinthu m'mimba. Anandiitana pambali. Sanandikalipire. Anati adokotala anena kuti zitini zimenezi zimakhala zamitundumitundu, mpweya uliwonse ndi chitini chake, ndipo makala ena amawanyika m'mankhwala asanawaike. Ndinafunsa ngati a ku shedi anali onyikidwa. Anati sakudziwa. Ndinafunsa ngati athu akanatha kugwira mpweya umenewo ngakhale pang'ono. Anati mwina pang'ono, mwina ayi, mwina kwa kanthawi kochepa. Ndinafunsa kuti chabwino n'chiti, chitini chotha kapena makala a maye. Anati funso limenelo akafunsa adokotala, koma sanabwerenso ndi yankho, ndipo ine ndinachita manyazi kumutsatira.

Amuna anga atatuluka m'chipatala, patapita masiku ochepa, galimoto inaima kumsewu. Munatuluka Mzungu wina wamtali amene sitinamuonepo, osati wa pa shedi, ali ndi kapitawo womumasulira. Amayi analowa m'nyumba ndi mwana n'kutseka chitseko. Ine ndinkaganiza kuti abwera kudzandimanga. Mzunguyo anali ndi chitini chathu m'manja, chodulidwa kale. Anafuna kuona amene anapanga makalawo, ndipo amalume, amene ndinkayembekezera kuti aima patsogolo, analoza ine.

Tinapita naye kuseri kwa balani. Ananyamula mphika uja, anausuzumira, anayeza khosi lake ndi kachingwe, n'kulemba m'kabuku. Anafunsa za chipatso, ndinamupatsa chigoba cha dzaye, anachigogoda ndi chala n'kuika m'thumba la malaya. Anafunsa kuti moto unayaka maola angati. Ndinati kuyambira mbuzi zikutuluka mpaka dzuwa kupendeka. Kapitawo atamasulira, Mzunguyo analembanso zimenezo, osaseka. Anafunsa mtundu wa mphika uli pamoto, ndinaloza duwa lofiira la m'mbali mwa mpanda. Makala otsala, amene ndinasunga m'chikho, anawathira m'botolo n'kutseka.

Kenako analankhula nthawi yaitali, akundiyang'ana ine, mawu ake osakwera osatsika. Atamaliza, kapitawo anangoti, "Akuti musadzachitenso."

"Zonse zija anena zokhazo?" amalume anafunsa.

"Zinazo n'za kuntchito."

Mzunguyo anagwedeza mutu kwa ine, kugwedeza kumene sindinadziwe ngati n'kulonjera kapena kuchenjeza, n'kupita. Amalume, amene ankadziwa Chingelezi cha kunkhondo, anandiuza kuti anamvapo mawu otanthauza kuti zabwino, kawiri konse. Patapita kanthawi anati anamvanso mawu otanthauza kupha. Sanathe kulumikiza kuti chabwino chinali chiyani ndipo chopha chinali chiyani. Masabata angapo ndinkadzidzimuka ndikamva galimoto kumsewu. Sikunabwere wapolisi, sikunabwere kalata, ndipo za botolo lija sindinamvenso.

Zitini zatsopano zinafika mvula yoyamba isanagwe. Amene anaziona anati zinali zazikulupo, za mtundu wina, ndipo pa shedi anayamba kulemba pa chitini chilichonse tsiku limene chatsegulidwa. Kapitawo uja anamusamutsa. Sindikudziwa ngati zimenezi zinachitika chifukwa cha amuna anga, kapena sitima ija inangofika nthawi yake. Iwo sanabwererenso kuntchitoko. Miyendo inalimba patapita miyezi, maso anasiya kuona ziwiriziwiri, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera moyo wawo wonse. Khasu ankagwira, koma cholembera chinawakanika, ndipo makalata a ku Mpingu ndinkalemba ndine, iwo akunena mawu. Amayi, amene anamva zonse tsiku la Mzungu lija, sanandifunse kanthu. Chaka chotsatira anatipatsa munda wina wa kudambo, wa dothi lakuda, osanena chifukwa chake.

Amalume sanasiye. Ankati cholakwika chinali moto, unachepa, tikanaupemerera ndi mvukuto makala akanadzuka onse. Nthawi ina anabwera ndi nsungwi zodula kuti tiyese. Ndinakana. Anati nanga anthu ena amene akuvundukula malona m'mashedi ena, ndani awaganizire? Ndinati aganiziridwe ndi amene anabweretsa mpweyawo. Anakhumudwa, ndipo kwa miyezi ingapo tinkangopatsana moni. Mpaka imfa yawo ankauza anthu kuti mwana wa mlongo wawo anapanga chinthu chimene Mzungu anachitengera kwawo m'botolo. Ena ankandiyang'ana mwaulemu akamva zimenezo, ena ankanong'onezana kuti ndi uja anapundula mwamuna wake.

Patapita zaka zambiri, ana atakula, tsiku lina tinkaswa mtedza wambewu pakhonde, ine ndi amuna anga. Iwo ankachedwa chifukwa cha dzanja, mtedza wina unkathawira pansi. Ndinawafunsanso, kachiwiri komanso komaliza.

"Bambo, tsiku lija munavala chitini chiti? Tsopano takalamba, ndiuzeni zoona."

Anatola mtedza umene unagwa, anaupukuta pa kabudula.

"Sindinayang'ane," anatero. "Lole inkaliza hutala, kapitawo akukalipa. Ndinangovala."

"Nanga kuchipatala kuja munkandiuziranji zina lero, zina mawa?"

"Tsiku loyamba ndinkaganiza kuti mukufuna kumva kuti ndinakhulupirira makala anu. Nditaona mmene munatulukira, ndinadziwa kuti ndalakwitsa, ndiye ndinasintha."

Kenako ndinafunsa ngati iwo, mumtima mwawo, ankaona kuti makala aja ankagwira ntchito.

"Tsiku loyamba lija, nditavala chitini chanu, mutu sunandiwawe," anatero. "Koma kunalinso mphepo tsiku limenelo."

Anakankhira lichero kwa ine kuti ndithiremo wina, tinapitiriza kuswa mpaka thumba linatha.